KUDULIRA MAKORALI: ZIMENE NDIDAPHUNZIRA PA THANKI YA MWINI NYUMBA

Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe amagwira ntchito m'boma ku mbali ya za nsomba, adayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga momwe adawalankhulira.



A Mlembi atandipempha kuti ndidzayankhule lero, adati mutu ndisankhe ndekha, bola usakhale wa ndale kapena wa chopereka. Ambiri mukudziwa ntchito yanga, ndipo mwina mukuyembekeza kuti ndifotokoza chifukwa chimene chambo chidakwerera mtengo. Imeneyo tikambirana pa nthawi ya chakudya. Pakali pano ndabwera ndi nkhani ya chinthu chimene m'nyanja yathu mulibe, chimene ambiri a ife sitidachigwirepo ndi manja. Ndi nkhani yondichititsa manyazi pang'ono, pakuti wolakwa m'nkhaniyi ndine ndemwe.

Ndiyambe ndafotokoza chinthucho. Amene munkamvetsera m'kalasi ya Jogalafe mukukumbukira Great Barrier Reef ya ku Australia, matanthwe a pansi pa nyanja otalika makilomita pafupifupi 2,300. Tinkaloweza dzinali kuti tikhoze mayeso, koma wopanga matanthwewo sitinkamudziwa. Wopanga wake ndi korali. Makorali omanga matanthwe amakhala m'nyanja zamchere, m'madzi ofunda ndi osazama kwambiri, monga ku gombe la Mozambique cha ku Pemba ndi ku zilumba za Quirimbas, ku Zanzibar, ku Mombasa ndi ku Sodwana Bay ku South Africa. Nyanja ya Malaŵi ndi ya madzi opanda mchere, choncho ngakhale mutasambira kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi simungampeze korali ndi mmodzi yemwe. Miyala imene mbuna zimabisalamo ku Cape Maclear ndi miyala wamba.

Ukamuona koyamba korali umati ndi mwala wopaka utoto, kapena chomera. Koma ndi nyama. Ndi gulu la tinyama tambiri-mbiri tokhala pamodzi, kalikonse kali ndi kamwa pakati ndi timanja tozungulira kamwalo, ndipo timanjato tili ndi mbola. Tinyamati timatenga kashiamu m'madzi ndi kumanga chigoba cha laimu, monga nkhono imangira chigoba chake, ndipo nyama yamoyoyo imangokhala ngati kachikopa kopyapyala kokuta pamwamba pa chigobacho. M'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso, zimene akatswiri amazitcha zooxanthellae. Nderezo zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, monga achitira masamba a chimanga, ndipo gawo lalikulu la chakudyacho amadya ndi korali. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa: korali ndi nyama yokhala ndi munda m'thupi mwake, ndipo mundawo ukakhala pamthunzi mwini wake amagona ndi njala.

M'chaka cha 2013 boma lidanditumiza ku Stirling, m'dziko la Scotland, kukachita maphunziro a chaka chimodzi a za ulimi wa nsomba. Ndalama za m'thumba zidali zoperewera, ndiye ndidachita lendi chipinda m'nyumba ya bambo ena achikulire, opuma pa ntchito, amene akazi awo adali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Dzina lawo sinditchula. Ine ndinkangowaitana kuti agogo, ndipo nditawamasulira tanthauzo lake adalikonda.

Pabalaza pawo padali thanki yagalasi yotalika mita imodzi ndi theka, yolowa madzi malita pafupifupi 400. Pamwamba pake padali nyale zowala kwambiri, m'kati mudali mapampu oyendetsa madzi usana ndi usiku, ndiponso chotenthetsera chosunga madziwo pa madigiri 25 ngakhale kunja kukugwa chipale. Madzi ake sadali otunga kunyanja ayi. Ankasefa madzi a pampopi ndi kusungunulamo mchere wapadera wogula kusitolo, magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse, kuti afanane ndi a m'nyanja yamchere. M'menemo mudali nsomba zochepa chabe, koma makorali ndiye adali mbwee: obiriwira, ofiira, achikasu, ena a mtundu wosowa dzina m'Chichewa. Ine mwana wa kunyanja, wokulira pa usipa ndi utaka, ndidangoima kukamwa kuli yasa.

Agogo adandiuza kuti pa unyamata wawo kusunga korali wa chigoba m'nyumba ankakuyesa chinthu chosatheka, popeza ankafa pa miyezi yochepa. Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu okonda ntchitoyi ku Berlin, m'dziko la Germany, adaonetsa kuti ukapereka kuwala kokwanira, madzi oyenda mwamphamvu ndi kashiamu, korali amakula bwino-bwino m'galasi. Kuyambira pamenepo dandaulo lidatembenuka. Kale ankalira kuti makorali akufa. Tsopano wosunga waluso amalira kuti akula mopitirira. Paja akulu adati walira mvula walira matope.

Mwa onse okhala m'thankimo, atatu ndiwo eni nkhani yathu. Woyamba adali Acropora, wa nthambi ngati nyanga za gwape. Ameneyu ndi wa liwiro. M'nyanja mitundu ina ya Acropora imatalika masentimita 10 kapena kuposerapo pa chaka. Wachiwiri adali Montipora wofiira, amene amakula chopingasa, mbale pamwamba pa mbale, ngati bowa wa pa chitsa. Wachitatu adali Porites, chibulumwa chachikasu chosaoneka bwino kweni-kweni, chokhala m'munsi pang'ono mwa mbale zija. Porites amakula pafupifupi sentimita imodzi pa chaka, ndipo pa ndewu ndi wofatsa, sabwezera. Ameneyu adagula ndi malemu akazi awo ali wamkulu ngati dzira la nkhuku, ndipo pa zaka zoposa khumi adali atafika pa msinkhu wa papaya. Agogo akamadya chakudya cha m'mawa, mpando wawo unkayang'ana kwa iyeyu.

Mu Januwale 2014 agogo adapita kukachitidwa opaleshoni ya fupa la m'chiuno, ndipo adakonza zoti akatuluka m'chipatala akakhale kwa mwana wawo wamkazi milungu isanu ndi umodzi. Thanki adaisiya m'manja mwanga. Adandilembera zonse papepala: kadyetsedwe ka nsomba, kusintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi mlungu uliwonse, kuyeza kashiamu kuti azikhala pakati pa mamiligalamu 400 ndi 450 pa lita, ndi kuthira mankhwala obwezeretsa zimene makorali amamwa m'madzi. Potsiriza adatenga cholembera nalemba mzere pagalasi, moyang'anizana ndi mlomo wa mbale yofiira ija. Adati, "Mwana wanga, mbale iyi ikangodutsa mzere uwu, uithyole. Nthambi izi zikakhudzana, uzidule. Usachite mantha." Ine ndidati, "Musadandaule agogo, nsomba ndiye ntchito yanga."

Zonse za papepala ndidachita mokhulupirika, kupatula chimodzi. Mbale idafika pamzere m'mwezi wa Febuluwale. Ndidatenga chodulira, ndidalowetsa dzanja m'madzi, kenaka ndidalitulutsa. Ndidati mumtima, chinthu chokongola chotere, cha eni ake, chogula ndi ndalama zambiri, ndichithyole ine mlendo? Nanga chikafa ndidzanena chiyani? Bola ndidikire, eni ake ali pafupi kubwera. Koma bala la agogo lidavuta kupola, ndipo milungu isanu ndi umodzi ija idasanduka miyezi inayi. Akaimba foni ndi kufunsa za thanki, ndinkayankha kuti zonse zili bwino. Akafunsa ngati ndadulira, ndinkati ndidula Loweruka. Loweruka lidabwera kambiri-mbiri.

Tsono pano ndifotokoze chimene ndinkalephera kumvetsa, ngakhale ndidali ndi digiri m'thumba. M'nyanja korali saduliridwa ndi munthu chifukwa alipo omudulira. Mafunde a mkuntho amathyola nthambi, nsomba za milomo yolimba zimaluma ndi kupala, ndipo malo ndi aakulu. M'thanki mulibe mkuntho, mulibe nsomba zoterozo, ndipo khoma lagalasi silisuntha. Wosunga thanki ndiye ayenera kukhala mkuntho. Akakana ntchito imeneyo, zinthu zitatu zimachitika.

Choyamba ndi mthunzi. Nyale zili pamwamba, choncho wokula msanga amatenga kuwala konse, ndipo wa m'munsi munda wake uja umafota. Alimi a chimanga mukudziwa zimene mtengo wa mango umachita kwa mizere yoyandikana nawo.

Chachiwiri ndi kuima kwa madzi. Korali sangayende kukafuna chakudya kapena kukataya zonyansa. Amadalira madzi oyenda kuti amubweretsere mpweya ndi kumuchotsera zinyalala. Nthambi zikathithikana zimatchinga madzi ngati mpanda wa bango. Kuseri kwake zinyalala zimadikha, ndere zachabe zimamera, ndipo ngakhale korali wa nthambiyo amayamba kufa kuchokera kutsinde pamene nsonga zake zikuoneka zathanzi.

Chachitatu ndi nkhondo. Masana thanki imaoneka ngati munda wa maluwa, koma mukadzakhala ndi mwayi mudzaiunikire ndi tochi pakati pa usiku. Mitundu ina, monga Galaxea, imatulutsa timanja tatitali kuposa chikhatho cha munthu, todzala ndi mbola, ndi kumakwapula aliyense woyandikira. Ina imatulutsa timaulusi ta m'mimba mwake ndi kugaya mnzake ali moyo pamalo pomwe akhudzanapo. Makorali ofewa, opanda chigoba, amathira mankhwala m'madzi olepheretsa anzawo kukula. Ena amangomera pamwamba pa mnzawo ndi kumukwirira. M'nyanja wogonja amatha kupulumukira mbali ina. M'galasi alibe kothawira.

Zitatu zonsezi zidamugwera Porites wa malemu mayi aja. Mbale yofiira idamuphimba pamwamba, nthambi za Acropora zidamutchingira madzi, ndipo pamene mlomo wa mbale udamukhudza, udayamba kumera pa iye. M'mwezi wa Epulo ndidaona kuti chikasu chake chayamba kutuwa mbali imodzi. Patapita milungu iwiri mbali imeneyo idayera mbuu, chigoba chokha-chokha, kenaka ndere zobiriwira zidayamba kumerapo. Theka la zimene zidakula pa zaka zoposa khumi lidatha pa milungu yowerengeka, ine ndili pomwepo, ndikuyeza kashiamu mokhulupirika Loweruka lililonse.

Usiku umenewo ndidaimba foni ndi kuulula. Agogo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Usakhudze kanthu, ndikubwera." Adafika mu Meyi akuyendera ndodo ziwiri. Adakhala pampando wawo uja, nayang'ana thanki osalankhula. Pambuyo pake adati, "Korali kufa, amafa, ndapha ambiri ine pa zaka zanga. Chimene chandipweteka ndi chakuti unkandiuza kuti zonse zili bwino. Ukadanena kuti ukuopa, ndikadakutumizira mnzanga tsiku lomwelo." Mabwana ndi madona, ndadzudzulidwapo ndi mabwana ambiri m'boma, koma mawu amenewa ndiwo adandilowa mpaka m'mafupa. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndidadya lambiri.

M'mawa mwake sukulu idayamba. Iwo sakadatha kuimirira nthawi yaitali, choncho adakhala pampando ndi kumalamula, manja adali anga. Ndikufotokozereni mwachidule zimene adandiphunzitsa, popeza ena mwa ana athu ali ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Mangalande, kumene mathanki otere amapezeka m'nyumba za anthu, ndipo tsiku lina mungadzasiyiridwe thanki monga ine.

Poyamba sitidadule kanthu. Tidatha masiku awiri tikungoyang'ana: kutsogolo, m'mbali, kuchokera pamwamba mapampu atazimitsidwa, ndi usiku ndi tochi. Agogo adati funso loyamba si lakuti ndidule chiyani, koma ndikufuna kupulumutsa chiyani. Ukadziwa amene akusowa kuwala ndi amene akusowa madzi, nthambi yoyenera kuchoka imadzionetsa yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lachitatu tidayala zida patebulo: chodulira cholimba chonga pulayazi, lezala latsopano, beseni la madzi otunga m'thanki momwemo, beseni lina la madzi omwewo othira ayodini pang'ono, timiyala tating'ono, ndi guluu uja wouma msanga amene timamatira nsapato, koma wolimba ngati phala. Ndidavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Tidazimitsa mapampu kuti tizidutswa tisauluzike.

Mtundu uliwonse uli ndi kadulidwe kake. Wa nthambi umamugwira ndi chodulira pafupi ndi pamene nthambi yaphukira, ndi kukanikiza kamodzi mwamphamvu kuti ithyoke thyo! Ukachita monyengerera umaphwanya chigoba ndi kunyula nyama, ndipo bala lotero ndi limene limaola. Dzanja la mantha limapweteka korali kuposa dzanja lolimba mtima. Wa mbale umagwira m'mphepete ndi kupinda mpaka kachidutswa kathyoke ngati bisiketi. Wofewa umamudula ndi lezala lakuthwa kamodzi kokha. Pali ena oyala pamwala ngati kapinga, monga Xenia. Amenewa ndi bwino kutulutsa mwala wonse ndi kuwasenda kunja, chifukwa kachidutswa kalikonse kotsalira m'madzi kamakamera pena, ngati dawe m'dimba. Ndipo pali ena, monga Galaxea uja, amene nthawi zambiri sufunika kuwadula ayi, koma kungowasunthira kutali ndi anzawo.

Nditathyola kachidutswa koyamba ka mbale yofiira, mtima udagunda ngati ndaswa mbale ya apongozi. Nditathyola kachitatu, mantha adatha ndipo changu chidandigwira. Ndidafuna kuchotsa mbale yonse tsiku lomwelo kuti ndilipire mlandu wanga. Agogo adagogoda ndodo pansi nati, "Basi, pakwana." Lamulo lawo lidali lakuti pa tsiku limodzi usachotse choposa gawo limodzi mwa magawo anayi a korali mmodzi. Chifukwa chake n'chakuti amene wakhala pamthunzi miyezi yambiri wazolowera mdima; ukamuvundukulira nyale zonse mwadzidzidzi amapsa, amataya ndere zake zija ndi kuyera. Munthu amene wakhala ndi njala masiku ambiri sumuyambira ndi nsima ya kondowole. Choncho ntchito imene ndinkaiyesa ya ola limodzi idatitengera milungu inayi, pang'ono-pang'ono.

Ntchito sithera pa kudula. Korali wovulala amatulutsa mamina ambiri, ndipo ofewa aja amathira mankhwala awo m'madzi, choncho tinkaika makala apadera osefera madzi m'sefa ndi kusintha madzi ena tsiku lotsatira. Palinso msampha wina umene ambiri amagwamo. Makorali akachuluka amamwa kashiamu wambiri ndiponso amatsitsa msanga mphamvu ya madzi imene amaitcha alkalinity, ndiye mwini thanki amazolowera kuthira mankhwala ochuluka. Ukadula ndi kutulutsa nthambi zambiri, pakamwa pachepa. Ukapitiriza kuthira muyeso wakale, mankhwala amachuluka m'madzi ndi kuwotcha nsonga za otsala. Tinkayeza madzi tsiku lililonse mlungu wonse ndi kuchepetsa mankhwala molingana ndi zimene tapeza.

Ndisadumphe za magolovesi ndi magalasi, pakuti si zodzikongoletsera. Pali timakorali tina tooneka ngati timabatani ta maluwa, ta mtundu wa Palythoa ndi abale ake, timene tina mwa ito tili ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa mapoizoni oopsa kwambiri opezeka m'chilengedwe. Adamupatula koyamba ndi akatswiri awiri a ku University of Hawaii, Richard Moore ndi Paul Scheuer, mu 1971. Amalowera pabala, m'maso, ngakhale mu mpweya umene tikupuma. Mu Malichi 2018, m'mudzi wina ku Oxfordshire ku England, anthu 10, ena mwa iwo ozimitsa moto, adatengeredwa kuchipatala munthu wina atatsuka miyala ya m'thanki yake m'nyumba. Lamulo lake ndi ili: mwala wa m'thanki osauwiritsa, osauthira madzi otentha, osaukwecha ndi burashi m'chipinda chotseka, ndipo ukatha ntchito usambe m'manja usanagwire kumaso.

Tsopano ndifike pa chimene chidandidabwitsa koposa zonse. Tizidutswa tija sitidataye. Kalikonse, kotalika masentimita atatu kapena asanu, tinkakaviika m'madzi a ayodini mphindi zochepa, kukapukuta kutsinde, kukamata ndi guluu pa kamwala, ndi kukabwezera m'thanki pamalo a madzi oyenda bwino. Pa milungu iwiri nyama idali itakuta bala, ndipo pa mwezi umodzi idayamba kuyala pa kamwala. Chidutswa chilichonse chidasanduka korali payekha, monga phesi la chinangwa. Pamene tidadula paja, pa kholo, padaphuka nsonga ziwiri kapena zitatu m'malo mwa imodzi. Chimene ndinkachiopa kuti ndi kupha chidali kubzala.

Agogo adali m'kalabu ya anthu osunga makorali, ndipo tsiku lina tidanyamula tizidutswa toposa 20 m'mabotolo kupita nato kumsonkhano wawo. Kumeneko anthu amasinthana monga amayi asinthanirana mbewu ya nyemba. Phindu lake ndi lalikulu kuposa kupulumutsa ndalama. Makorali onse a chigoba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti sangatumizidwe kunja kwa dziko popanda chilolezo, ndipo korali aliyense woleredwa m'nyumba ndi mmodzi amene sadakagwetsedwe ku matanthwe a ku Indonesia kapena ku Fiji. Ndiponso ngati thanki yako yakumana ndi tsoka, monga kuthima kwa magetsi, mbewu yako umakaipezanso kwa mnzako amene udamugawira.

Luso lomweli likugwira ntchito ku nyanja zeni-zeni. M'chaka cha 1998 madzi adatentha kwambiri m'nyanja ya Indian Ocean, makorali adataya ndere zawo ndi kuyera, ndipo m'madera ena a ku Kenya, Seychelles ndi Maldives oposa theka adafa. Zoterezi zidabweranso mu 2010 ndi pakati pa 2014 ndi 2017, ndipo mu Epulo 2024 bungwe la NOAA la ku America lidalengeza kuti zachitika kachinayi pa dziko lonse. Pofuna kubwezeretsa matanthwe owonongeka, anthu amadula tizidutswa, kutilera m'nazale za pansi pa madzi, ndi kukatiwokera. Katswiri wina, David Vaughan, akugwira ntchito ku Mote Marine Laboratory ku Florida, adathyola korali mwangozi m'thanki, ndipo adapeza kuti tizidutswa tating'ono kwambiri totsalira tidakula mofulumira kuposa korali wosathyoka. Kuchokera pa ngozi imeneyo padabadwa njira yodula makorali okula mochedwa m'tizidutswa ta sentimita imodzi, timene timakula msanga kenaka n'kulumikizana kukhala chibulumwa chimodzi. Ndisakunamizeni kuti zimenezi zithetsa vuto. Madzi akapitiriza kutentha, wowokedwa amafa chimodzimodzi ndi womera yekha. Koma zimasunga mbewu, ndipo mlimi aliyense akudziwa kufunika kwa mbewu m'chaka cha chilala.

Nanga Porites wa mayi aja? Theka lakufa lija tidalipala ndere ndi kulisiya, popeza chigoba ndi maziko amene wamoyo angamerepo. Theka lamoyo, litaona kuwala ndi madzi oyenda, chikasu chake chidabwerera. Pamene ndinkanyamuka kubwera kumudzi mu Sepitembala 2014, m'mphepete mwa nyama yamoyo mudali mutasendera pa chigoba chakufa mamilimita ochepa chabe, ocheperapo kuposa m'lifupi mwa chikhadabo. Agogo adandiitana kuti ndione, nati pa liwiro limeneli bala lidzatsekeka iwo atapita kale, koma lidzatsekeka. Tsiku lomwelo adandipatsa chodulira chija kuti ndibwere nacho. Kuno ndilibe thanki, ndipo ndi magetsi athuwa sindingayerekeze n'komwe. Ndimadulira nacho mandimu kuseri kwa nyumba.

Bwana Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana wotchi kawiri, ndiye ndimalize. Miyezi inayi ija ndinkadziyesa wosamala. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kukhudza kanthu, palibe angandiloze chala. Koma m'thanki zinthu sizidikira munthu wamantha. Pamene ine ndinkazengereza, mbale inkakula, ndipo kusadula kwanga kudali chigamulo, chokomera wamphamvu ndi kupha wofatsa. Ife ogwira ntchito m'maofesi matendawa timawadziwa bwino. Fayilo imagona patebulo miyezi itatu chifukwa tikuopa kusaina, bwana akafunsa timati zonse zili bwino, ndipo kwinakwake kuli munthu wofatsa amene akudikira penshoni kapena chilolezo chake pansi pa mthunzi wa mantha athu. Kuyambira chaka chimenecho, ndikaona kuti ndikuopa fayilo, ndimachita chimodzi mwa ziwiri: ndimaigwira tsiku lomwelo, kapena ndimapita kwa wondiposa ndi kunena poyera kuti ndikuopa, andithandize. Kunena kuti zonse zili bwino pamene mzere wadutsidwa kale, ndidaleka.

Amene muli ndi mafunso a chambo, mundipeza pa mzere wa nsima.